Suti ya Munthu Wowongoka

Nyamakazi ya abambo anga inayambira m'mawondo, inakwera m'chiuno, kenako inakamanga msasa m'zala. Kwathu kuseri kwa Msakambewa, kumene mapiri amayang'ana ku Ntchisi, mwezi wa Juni nkhungu imagona m'chigwa mpaka dzuwa litakwera. M'mawa wotero abambo ankalephera ngakhale kumanga batani la shati. Munthu amene ankasoka fodya kutiposa tonse pakhomo anafika poyenda chowerama, maso ali pa zala za kumapazi.

Ine ndinali nditabwerera kwa makolo banja litatha, ndiye ntchito yowasamalira inagwera ine. Palibe chimene sitinayese. Ndinkawathowa ndi madzi otentha, ndinkawamba masamba a nsatsi pamoto n'kuwakulunga nawo mawondo. Sing'anga wina anawatema mphini ndi lezala kuyambira m'akakolo mpaka m'chiuno, miyendo n'kumaoneka ngati yakandidwa ndi mphaka. Mlamu wanga anabweretsa kabotolo ka mafuta a nsato. Kunena zoona, wogulitsayo ndiye anati ndi a nsato, ine ndinkangomva fungo la nkhumba. Kuwonjezera pa zonsezi ankameza mapilisi ogula pa okala, m'mawa ndi madzulo, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Tsiku lina ndinapeza atasanza zakuda kuseri kwa chigafa, atakwirira ndi phazi. Sanandiuze, inenso sindinafunse, koma kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Ndalama za fodya zitatuluka, ndinawachonderera kuti tipite kuchipatala ku Madisi. Anavomera mosavuta, ndipo zimenezo zinayenera kundidabwitsa, poti abambo anga sanali munthu womva za ena. Tinakwera njinga zamoto mpaka ku Mponela kuti tikapeze minibasi. Titangotsika anati, "Amayi, tiyeni tidzere apa kaye." Ankanditchula choncho akafuna kundinyengerera.

Anandikokera pakhonde la sitolo ina, pamene telala wa imvi ankapalasa makina ake. Anapatsana moni wautali, wofunsana mpaka za mvula ya chaka chatha. Ndiye abambo analoza nsalu yakuda imene inali pachingwe.

"Ndikufuna suti. Jekete ndi buluku, nsalu iyo."

Telala anatenga tepi, anawayang'ana mmene anapindikira, n'kunena mwaulemu, "Ndikuyezani mmene mulilimu, bambo. Kumsana ndiwonjezera nsalu, kutsogolo ndichepetsa, jekete likukhalani bwino."

"Ayi. Mundiyeze ngati munthu wowongoka."

"Lidzakuthinani m'mapewa. Simudzatha kuyenda nalo."

"Ndani wati ndidzayenda nalo?"

Telala anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Munthu wopindika chonchi adzawongoka pena pati, ngati si tsiku limene adzamugoneke chagada? Ndinafuna kuwagwira dzanja ndi kuthawa nawo, koma ndinangofinya chikwama changa m'khwapa.

Telala anawayeza chidutswachidutswa. Kuchokera paphewa kufika pachigongono, kuchokera pachigongono kufika padzanja, n'kuphatikiza pakapepala. Miyendo chimodzimodzi. Pofuna kuyeza chifuwa anapempha kuti ndiwagwire mapewa ndi kuwakokera kumbuyo pang'ono. Ndinawagwira. Ndinamva mafupa akulira m'manja mwanga, thukuta likutsika m'khosi mwawo kunja kukuzizira chonchija, koma iwo sanabuule.

Atamaliza, abambo anapisa m'sokosi n'kutulutsa mpukutu wa ndalama womanga ndi mphira. Zinali zomwe zija za kuchipatala.

"Abambo, nanga ku Madisi?" ndinafunsa.

Telala anali munthu wachifundo. Anati, "Perekani theka, bambo, zinazo mupite nazo kuchipatala. Mudzamaliza mukadzagulitsanso fodya. Alimi ambiri ndimawasokera choncho, sindinadandaulepo."

Abambo anapukusa mutu. "Inu maliro mwawaonapo. Mwambo ukamatha pamaimirira munthu kufunsa ngati alipo amene malemu anamukongola. Ndiye inu mudzatukule dzanja, chovala chili kale pansi? Landirani zonse, ine ndipite wopanda mlandu."

Apa ndiye ndinaphulika. Ine pakamwa panga sipachedwa kupsa, ndipo tsiku limenelo ndinakalipira bambo wondibala pamaso pa anthu ogula sopo ndi mchere. Ndinati akundichititsa manyazi, ndinati anthu adzanena kuti mwana wawo anawalekerera ndalama zili m'manja, ndinanena zambiri zimene sindingazilembe pano. Koma sunali ukali ayi, anali mantha okhaokha. Iwo anadikira mpaka mawu anandithera, n'kunena motsitsa kuti, "Musalire pakhonde la eni, amayi." Tinabwerera kumudzi osafika kuchipatala.

Masabata awiri otsatira ndinkangowayang'anitsitsa. Akachedwa kutuluka m'nyumba m'mawa, ndinkaima pakhomo kumvetsera ngati akutsokomola. Mapilisi aja ndinawataya m'chimbudzi, iwo n'kutuma wina kukagula ena. Tsiku lokatenga suti litakwana ndinanyamuka ndi mbuzi yanga, imodzi yokhayo imene ndinachoka nayo ku banja, ndipo ndinaigulitsa ku Mponela komweko osanenerera mtengo. Suti ndinainyamula m'jumbo. Njira yonse pa njinga ndinaigwira motalikitsa, kuopa kuti ingandikhudze.

Nditafika sanafune kuiyesa. Anati ndiyale pamphasa, jekete kumtunda, buluku kumunsi. Ndinayala. Pamphasapo panagona munthu wamtali, wa mapewa otambasuka, abambo anga amene ankandinyamula paphewa popita kudimba. Iwo anaizungulira ndi ndodo yawo, akumwetulira, n'kuwerama kuchotsa kaulusi pakolala.

"Ndagulitsa mbuzi," ndinatero. "Mawa tikupita ku Madisi, mufune musafune."

"Tipita, amayi, tipita," anayankha, maso ali pa suti. "Koma mumvetse izi, poti mayi anu tsikulo adzakhala akulira, sadzakumbuka. Mudzawauze adzukulu osambitsa kuti andiwongole msanga thupi lisanazizire. Akachedwa, siidzalowa."