Zipolopolo Zogona Pozizira

Ndimagwira ntchito pagalaja ya matayala ku Ballymun, kuno kudziko la azungu. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndiye zamabuku musandifunse, koma chitsulo chikakana ndimadziwa pochimenya. Bawuti ikachita dzimbiri, hamala. Makina opopera akajama, khofi pambali, amadzuka. Mtima wanganso ndi wapachala, abwana amadziwa.

Panali madala ena achizungu amene ankabwera ndi galimoto yawo yakale. Tikamawasinthira matayala, iwo ankatola tizitsulo tija timamata ku limu kuti tayala lisamanjenjemere, n'kumatikanda ndi chikhadabo, kenako n'kutitaya. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawafunsa chimene ankasaka m'zinyalala zathu. Anati mtovu. Kale tizitsuloti tinkakhala tamtovu, iwo ankatitolera m'magalaja n'kukasungunula kuti aumbe zipolopolo zawozawo. Pano ndi tolimba, komanso zoumba zipolopolo kuseri kwa nyumba anasiya kalekale chifukwa cha malamulo, koma chala chinazolowera.

Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka abwana anandikalipira. Mtovu womwe umakandika ndi chikhadabo ungakhale bwanji chipolopolo? Madala anaseka n'kunena kuti ndidzaone ndekha Loweruka, ku kilabu kwawo kowomberako chandamale, kunja kwa tauni.

Ali pachiwongolero anandiuza mmene zimayendera. Mlendo amabwera kangapo, kenako mayi woyang'anira malowo ndi amene amanena ngati angalowe m'kilabu. Akati ayi, kwatha, palibe kudandaula. Ndinangogwedeza mutu, koma pofika Loweruka lachiwiri ndinali nditaluza tulo. Chibwerereni kuno, kunja kwa ntchito ndi chipinda changa cha ku Tyrrelstown, ndinalibe kwina komwe ndinkafuna kupita.

Malowo anali chishedi chachitali, chozizira ngati firiji. Mfuti zake ndi zing'onozing'ono zogwira ndi dzanja limodzi, zomwe ukawomba zimalavula zokha kachigoba n'kulowetsa chipolopolo china. Zipolopolo zake mutu wotuwa, wamtovu, woterera ngati wapakidwa kandulo. Ndinafuna kupukuta chimodzi pa jinzi, madala anandigwira dzanja. Anati phula limenelo ndi loti mtovu usamatirire m'paipi ya mfuti. Koma phula lomwelo limasakanikirana ndi mwaye n'kuunjikana m'kati, ndipo kukazizira limauma, mfuti n'kuyamba ulesi. Ndiye ndinamvetsa chifukwa chake madala onse a kumeneko ankasunga timabokosi ta zipolopolo m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima, ngati akufungatira anapiye.

Lamulo la mfuti ikajama mayi uja anandiuza tsiku loyamba: mlomo wa mfuti uloze kuchandamale, chala chichoke, ukweze dzanja linalo, udikire. Sindinalilabadire kwenikweni, poti madala ankandipatsa zipolopolo zofunda za m'jekete mwawo ndipo mfuti sinkakana.

Tsiku loti aweruze za ine kunagwa chisanu choti magalasi a galimoto tinachita kupala. Mayi uja anandipatsa mfuti ina ya kilabu, n'kutenga kabokosi pashelefu ya pafupi ndi chitseko. Ndinayang'ana madala. Anali atakhala kumbuyo, manja m'matumba, akuwerenga denga.

Ndinawomba pang'ono, kenako zii. Ndinakweza dzanja. Mayi anabwera mwapang'onopang'ono ngati akuyenda m'sitolo, anakonza, nabwerera. Ndinawombanso, yajamanso. Anzanga pambali akungowomba bwinobwino, ine dzanja m'mwamba ngati mwana wopempha kupita kuchimbudzi. Anakonzanso.

Ulendo wotsatira kachigoba kanakanirira pakamwa pa mfuti, theka kunja, ngati ndudu. Dzanja langa lamanzere linanyamuka lokha, chikhatho chotambasula, kulunjika pambali pa mfuti. Ndinaliona likupita. Sindidziwa chimene chinaliimitsa, mwina ndi chifuwa chomwe madala anatsokomola kumbuyo. Linakhota n'kukwera m'mwamba, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu a Chichewa omwe sindingawalembe pano.

Mayi anafika, anayang'ana mfuti, nayang'ana dzanja.

"Mwati chiyani?"

"Ndimangoipempha kuti ichite manyazi, amayi."

"Yamva?"

"Sikumva Chichewa."

Sanaseke. Anachotsa kachigoba, nanditengera mfutiyo, n'kunena kuti zanga zathera pomwepo kwa tsikulo. Ndinatuluka ndikudziwa kuti ndalephera.

M'galimoto ndinayamba kunyoza mfuti ya kilabu, kuti anthu a ndalama zawo akulephera kugula nsanza yopukutira. Madala anandisiya ndilankhule mpaka tinalowa mumsewu waukulu. Kenako anati mfuti imeneyo saitsuka dala, ndipo kabokosi kaja kamagona pachitseko dala. Mlendo aliyense amapatsidwa zimenezo. Zoti umalasa pakati alibe nazo ntchito, amafuna aone chimene manja ako amachita zinthu zikakana.

Ndinaphulika. Ndinawafunsa chifukwa chake anandibisira, ine n'kumawapatsa ulemu ngati bambo anga. Iwo anati ndikuwe mmene ndingathere, m'galimoto mulibe mfuti. Nditatopa anati mayi uja wawatuma kuti Loweruka ndidzalawire, chifukwa amene walandiridwa ndi amene amatsuka mfuti ija, kenako amaisiyanso kuti ide podikira mlendo wina.

Ndinafika chitseko asanatsegule. Mayi anamasula mfuti ija ine ndikuona, n'kundipatsa kaburashi ndi nsanza. M'kati munali phala lakuda, lolimba ngati girisi wakale wa m'mabuleki, ndipo nditakolopa m'paipi munatuluka tizidutswa tonyezimira tamtovu. Ndinatiika pachikhatho n'kuwafunsa kuti zimatenga Loweruka angati kuti ifike pamenepa. Anati ndidzawerenga ndekha, n'kundiuza kuti ndisiye kugwiragwira mtovu ndikasambe m'manja ndisanamwe tiyi.