Tsiku Limene Tinakazingira Bambo Aang'ono Nkhumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita kusekondale. Aphunzitsi aakulu atatchula dzina langa pamzere kusukulu kwathu ku Ching'ambo, anzanga anakuwa, koma ine ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Sukuluyo inali yogonera komweko. Inkafuna fizi, yunifomu, bulangete ndi sutikesi, ndipo kwathu kunalibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, bambo poyamba, amayi pambuyo pake. Anandilera ndi agogo obala amayi anga, amene anthu ankawatchula kuti aNyaLongwe. Kwawo kunali ku Nkhata Bay, koma anakalambira mu Mzuzu akugulitsa usipa pamsika. Sanali munthu wofatsa ayi. Ankalankhula kwambiri, ankakonda kutamidwa, ndipo chimene ankanyadira koposa chinali chakuti ali mtsikana anagwirako ntchito m'khitchini ya mzungu wina wa kuesiteti. Ine ndinali wosiyana nawo. Ndinkangokhala chete n'kumayang'ana.

Munthu mmodzi yekha ndiye akanatha kundilipirira sukulu: a Mhango, mng'ono wa bambo anga, amene anali kalaliki m'boma ku Lilongwe. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna, choncho iwowo anali bambo anga ndithu. Agogo anawatumizira uthenga, ndipo yankho linabwera lakuti ali ndi ulendo wa ku Mzuzu, adzafikira kwa mnzawo ku Chiputula, ndipo adzationa Lamulungu masana.

"Munthu wa mu ofesi sungamuikire usipa," anatero agogo. "Ndimuphikira nyama yovala. Akangoilawa imeneyo, Wezi, sutikesi yako yagulidwa kale."

Nyama yovala linali dzina lawolawo la chakudya chimene anaphunzira kwa mzungu uja: nkhumba yodula mopyapyala, yokuta ndi zinyenyeswa za buledi, yokazinga m'mafuta. Nkhani yake ndinali nditaimva kambirimbiri, koma kulawa ndinali ndisanailawepo.

Ntchito inayambira pa buledi. M'nyumba mwathu buledi ankalowa pa Khirisimasi pokha, koma sabata imeneyo agogo anagula wathunthu, namudula, n'kundiuza kuti ndisayerekeze kunyemako. Kunali kozizira, kamvula kowaza kosatha, moti padzuwa sakanauma. Tinamuyanika pa chivundikiro pafupi ndi mbaula, ine n'kumapirikitsa nkhuku za aneba, malovu ali mbwee m'kamwa. Atauma gwa, tinamukwecha pa chitini chimene agogo anachiboola ndi msomali.

Lamulungu m'mawa kutchalitchi sitinapite. Tinalawirira kumsika, tinaonetsa khadi kwa anyamata a chipani pachipata, n'kuzungulira kuseri kumene ankagulitsa nkhumba. Agogo anakangana ndi wogulitsayo mpaka anawapatsa mnofu wa kumsana umene ankaufuna.

Titafika kunyumba anasanduka munthu wina. Anasenda chikopa ndi mafuta ake, nachiika m'kambale pakhonde kuti ife tidzakazinge madzulo. Mnofuwo anaudula zidutswa zazikulu ngati chikhatho, n'kumazimenya ndi botolo mpaka zitapyapyala. Anathira mchere ndi tsabola. Kenako anandandalika mbale zitatu: ya fulawa, ya mazira omenya, ndi ya zinyenyeswa zija.

"Dzanja ili la zouma, ili la zonyowa," anandiuza. "Ukasakaniza, uveka zala zako m'malo mwa nyama."

Mafuta onse amene tinali nawo anawakhuthulira m'chiwaya. Anaponyamo kanyenyeswa kamodzi, ndipo katalira anati mafuta apsa. Akakhala ozizira, anatero, buledi amangowamwa; akapsa kwambiri, kunja kumada mkati muli magazi. Chidutswa chilichonse ankachitembenuza kamodzi kokha. Chinkatuluka chofiirira, ndipo fungo lake linafika mpaka kwa aneba, amene anayamba kudutsadutsa pakhomo pathu popanda chifukwa. Pambali tinaphika mbatatesi ndi kabichi.

A Mhango anafika dzuwa litapendeka pang'ono, atavala suti, baji ya chipani ili pachifuwa, nsapato zili matope okhaokha.

"Monire, amama."

"Yewo, adada, yewo chomene. Lowani, kuno n'kwanu."

Ndinagwada pakhonde ndi beseni kuti asambe m'manja. Kambale kaja kanali pampando, pafupi ndi bondo lawo, chikopa chili pamwamba, ubweya wake woyera ukuonekera. Ndinaona maso awo akutera pamenepo. Anachiyang'ana nthawi ndithu, madzi akudontha m'zala zawo. Kenako anandiyang'ana ine, napukuta m'manja, n'kulowa m'nyumba.

Anadya okha patebulo. Agogo anakhala pamphasa, ine ndinakhala pakhomo. Akaluma, ndinkamva buledi uja akuphwanyika m'mano mwawo.

"Amama, iyi ndiye nyama! Ngakhale kuhotela ku Lilongwe sindinadyepo yotere."

Agogo anaseka, nawakankhira mbale pafupi. Ali pakati pa kudya, a Mhango anatsitsa mawu. "Zinthu kuntchito sizili bwino. Ife akumpoto masiku ano timangokhala ngati alendo mu ofesi. Ukangolakwa pang'ono, basi."

Agogo anayang'ana kuwindo. "Zimenezo sitikamba muno, adada. Idyani."

Anadya zonse, mpaka kutola zinyenyeswa ndi chala. Apo m'pamene agogo anakonza chitenje chawo nayamba nkhani ya sukulu. Anati mwana wa mkulu wa a Mhango wasankhidwa, ndipo iwo paokha, nkhalamba ya usipa, sangathe.

A Mhango anapukuta pakamwa ndi mpango. "Tisanafike kumeneko, amama. Kodi nyamayi ndi ya chiyani? Nkhuku?"

"Nkhuku ya mnofu wotere munaionapo kuti?" anatero agogo monyadira. "Nkhumba imeneyo, adada!"

A Mhango anaimirira mwamphamvu mpaka mpando unagwa. "Nkhumba? Mwandidyetsa nkhumba? Simudziwa kuti ine ndine wa Sabata?"

Sitinkadziwa. Pamaliro a bambo anga anali adakali wa mpingo wathu. Uko analowa atakwatira ku Lilongwe, ndipo panalibe amene anatiuza.

"Mwaibisa dala m'buledi kuti ndisaizindikire!" anakuwa. Anatuluka panja, nawerama pampanda, n'kumalavula ngati akufuna kusanza, koma palibe chinatuluka. Aneba aja tsopano anapeza chifukwa choimira. "Ndiye mwana woleredwa chonchi ndikamulowetse bwanji m'nyumba mwanga pa holide? Akazi anga ndikawauze chiyani?"

Agogo anawatsatira, nagwada m'matope, n'kumawomba m'manja. Ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu wamng'ono kwa iwo. "Pepani chomene, adada. Mwana sanalakwe. Ndalakwa ndine." A Mhango anawalambalala, natsetsereka ndi njira, osacheuka.

Madzulo ake tikutsuka chiwaya, ndinalankhula.

"Agogo, chikopa chija anachiona."

"Khala chete."

"Anachiona ndikuwasambitsa m'manja. Anadya akudziwa."

Khofi limene anandimenya linandiliza khutu mpaka m'mawa. "Bambo ako si abodza! Wolakwa ndine, nkhalamba yopusa yofuna kuonetsa. Wamva? Ndisadzamvenso zimenezo pakamwa pako."

Kutacha anagula nkhuku yamoyo, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku Chiputula kukapepesa. Mkazi wa mnzawo uja anatiuza kuti alendowo anyamuka ndi basi yam'mawa. Nkhukuyo analandira, nati adzawauza.

Kusekondale sindinapite. Malo anga anatenga wina, ndipo ine ndinakhala pambali pa agogo pamsika, kuunjika usipa timilutimilu. Kusoka, kumene kwandidyetsa moyo wanga wonse, ndinakaphunzira nditakula kale. Agogo sanakazingenso nyama ija. Koma nkhani yake sanaisiye. Aliyense wofunsa chifukwa chake mtsikana wokhoza chotere ali pamsika, ankamuyankha okha, mokweza: "Ndine ndinamulakwira mwanayu. Ndinadyetsa bambo ake nkhumba." Anthu ankaseka, ena ankapukusa mitu, ndipo ine ndinkawawidwa mtima, osati ndi a Mhango okha, komanso ndi agogo, chifukwa chokana chinthu chimene ndinachiona ndi maso anga.

Zinanditengera zaka zambiri, agogo atagona kale, kuti ndimvetse. Mayi amene anakalamba akugulitsa pamsika, amene ankamudziwa wakuba akadali patali, sakanapusitsidwa ndi munthu wolavula malovu pampanda. Anadziwa ine ndisanatsegule pakamwa. Anangoona kuti mwana wamasiye angathe kukula bwinoko akudziwa kuti ali ndi agogo opusa, kusiyana n'kudziwa kuti akuchimuna kwake amukana. Anasankha kusenza okha. Kungoti anachedwa, chifukwa ine ndinali nditaona kale.

Anthu a Sabata ndakhala nawo ambiri, ena ndi anzanga apamtima, ndipo palibe mmodzi amene angaone chikopa cha nkhumba n'kukhala pansi kudya. Nkhani sinali ya mpingo. A Mhango anali ndi ana awo, anali ndi mantha ndi ntchito yawo, ndipo mwina sakanathadi. Akanangonena kuti, "Amama, sindingathe," tikanalira tsiku limenelo, mawa n'kuwakhululukira. M'malo mwake anakhuta, natula mlandu wawo pamsana pa nkhalamba, ndipo inapita nawo kumanda.

N'chifukwa chake anthu ena amati ndine wouma mtima. Munthu akandiitana kwawo, ine n'kuona kuti chimene akufuna kundipempha sindingachithe, ndimamuuza ndili chiimire pakhomo, asanavutike kuyatsa moto.