Sola Yosokedwa ndi Singano ya Fodya

Sola ya pulasitiki imafa ikangobooledwa, ngakhale bowolo likhale la singano. Izi ndaziphunzira pa ntchito yanga yoyamba, pa esiteti ina ya fodya pafupi ndi Kamwendo, ndipo amene zamupweteka si ine.

Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja, ndinakhala nthawi yaitali pa boma la Mchinji ndikukonza mafoni ndi mawailesi pakhonde la sitolo ya amalume. Mnzanga wina ananditumizira uthenga woti akatswiri a ku yunivesite ina akufuna munthu wa m'boma lomwe lino, wodziwa kugwira mita yoyezera magetsi komanso wosaopa kupalasa njinga mtunda wautali. Amene anandifunsa mafunso anali a Dokotala Nkhoma, mayi wofufuza za kemisitiri, osati dokotala wa kuchipatala. Anandipatsa mita ndi batire yakufa kuti ndinene vuto lake. Nditanena, anati ndiyambe Lolemba.

Sola imene anthu ambiri amaidziwa ndi ya galasi, yolemera, yopangidwa ndi silikoni. Yathu inali yosiyana. Ndi pulasitiki yopyapyala, yamizere yakuda, yopindika ngati mkeka. Mkati mwake muli mankhwala opangidwa kuchokera ku kaboni, chinthu chomwe chimapezekanso m'makala ndi m'mafuta. Mankhwalawo amawasungunula kukhala ngati inki n'kuwasindikiza pa pulasitikipo. Amakhala a mitundu iwiri, osakanizidwa. Dzuwa likawomba, mtundu umodzi umataya tinthu tating'onoting'ono totchedwa maelekitironi, winawo umalandira, ndipo kuyenda kwa tinthu timeneti ndiye magetsi. Ubwino wake, ndi yopepuka moti munthu amaipinda n'kukwera nayo kabaza. Kuipa kwake, imapereka magetsi ochepa poyerekeza ndi yagalasi, ndipo mankhwalawo sagwirizana ndi mpweya kapena chinyezi. N'chifukwa chake amawatsekera pakati pa mapulasitiki awiri omatidwa mbali zonse. A Dokotala ankafuna kudziwa kuti chomatiracho chipirira bwanji dzuwa, fumbi ndi mvula ya kuno.

Tinaika masola atatu: imodzi kwa Mavwere, ina kwa Zulu, yachitatu pa esiteti ija. Ntchito yanga inali kuzungulira malo onsewo. Ndikafika ndimapukuta fumbi ndi kansalu kofewa, kuyeza mphamvu ya dzuwa ndi kachipangizo kake, kuyeza mphamvu ya magetsi pa mita, imene timaiwerenga m'mavoti ndi maampu, kujambula chithunzi, n'kutumiza zonse pafoni. Mawa lake chimodzimodzi, malo ena.

Pa esiteti sola inali m'manja mwa a Makwinja, tenanti wachikulire wochokera ku Phalombe, amene anabwera kuno kalekale ndi akazi awo. Ana awo aamuna anawoloka malire kukafuna ntchito ku Chipata. Msana wa a Makwinja unatha. Nazale ya fodya imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo chitsime chawo chili kumunsi, kudambo. Chaka chatha mbande zambiri zinawafera chifukwa cholephera kukweza makheni othirira, ndipo kapitawo anawauza mosabisa kuti zikadzachitikanso, munda upita kwa munthu wina. Pa esiteti, munda ukapita nyumba imapitanso.

Tinakhoma chimango cha mitengo pafupi ndi chitsime, n'kuyalapo sola, n'kuilumikiza ku kapampu kakang'ono kokankhira madzi mu paipi mpaka mu diramu la pakati pa mabedi a nazale. A Makwinja amangotunga m'diramumo n'kuthirira pomwepo. Sola tinaigwiritsa ndi tizopanira ta pulasitiki tomwe tinabwera nayo kuchokera kunja. Ndinawauza kuti asaimenye, asasonkhe moto pafupi, ndipo mbuzi zisafikepo. Anamvetsera atavula chipewa. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti a Magetsi, ndipo ankauza anzawo kuti apeza mkamwini amene sadya.

Mbewu inamera bwino. Mabedi anabiriwira mofanana kuyambira kumunsi mpaka kumtunda.

M'mwezi wa Okutobala, tsiku lina ndinafika n'kupeza sola itakungika ngati ng'oma. Tizopanira tija panalibe. M'malo mwake inali itasokedwa ku chimango kuzungulira konse, ndi ulusi wosokera fodya. Msokowo unali wowongoka, mabowo otalikirana mofanana, ntchito ya munthu amene wasoka masamba moyo wake wonse. Popeza m'mphepete mwa sola ndi mochepa kwambiri, singano inadutsa m'mizere yakuda momwemo, momwe muli mankhwala.

A Makwinja anabwera akupukuta manja pa thalauza. Anafotokoza kuti kamvuluvulu anadutsa dzana, n'kuthyola tizopanira n'kuulutsa sola, ndipo iwo anakaitola m'mapesi. Anati katundu wa eni sungamusiye akugudubuzika m'fumbi iwe uli ndi manja.

"Tayesani kukoka, a Magetsi," anatero. "Iyi ngakhale mphepo ya ku Zambia ibwere ndi abale ake, siichotsa."

Ndinakoka. Inali yolimbadi. Ndinapukuta fumbi, ndinayeza dzuwa, mavoti ndi maampu. Manambala anali asanasinthe kwenikweni, ndipo pampu imalira monga mwa masiku onse. Ndinapita kuseri kwa chigafa n'kuimbira a Dokotala.

Ndinawafotokozera zimene ndinapeza. Kenako anafunsa kuti mabowo atalikirana bwanji, ndipo adutsa m'mizere ingati. Ndinafunsa ngati pali ina yoti tisinthe. Anati palibe, ina iyenera kuchokera kunja ndipo siingafike chaka chino, komanso kuchotsa ya kwa Mavwere kapena kwa Zulu kungawononge kafukufuku yense. Anandilola kumata mabowo ndi guluu, koma anandichenjeza kuti guluu wa m'sitolo satseka mpweya, ndipo mpweya walowa kale.

"Ulusiwo musachotse," anatero. "Muzijambula bowo lililonse. Tione mmene ifere."

Ndinamata mabowo onse. A Makwinja anaganiza kuti ndikukongoletsa ntchito yawo, ndipo anandigwirira chubu cha guluu.

Chizimalupsa chinagwa kamodzi n'kusiya. Patangopita masiku ochepa, bowo lililonse linali ndi kadontho kotuwa mozungulira, ngati chipere. Ulendo uliwonse timadonthoto timakula, kenako tinayamba kukumana. Manambala amatsika. Pampu imene inkadzuka dzuwa likangotuluka inayamba kudzuka mochedwa, kenako masana okha, ikulira ngati munthu wa chifuwa. Ndimajambula, kutumiza, n'kupalasa kupita kwina. Usiku ndimagona bwinobwino. Zimenezo zinkandidabwitsa pang'ono, koma osati kwambiri.

Tsiku limene pampu inaima kunali kotentha kuposa masiku onse. Mvula yeniyeni inali isanabwere, mbande zinali zisanakhwime zoti n'kuwokera. Ndinapeza diramu lili gwa. A Makwinja anali panjira yochokera kuchitsime, kheni kudzanja limodzi, dzanja linalo lili pamsana. Amayenda pang'ono, kuika kheni pansi, kupuma, n'kunyamulanso. Akazi awo anali pambuyo ndi ndowa pamutu.

Ndinachita zimene ndinalembedwera. Ndinapukuta fumbi. Ndinayeza dzuwa: linali lokwanira. Ndinaika mita pa mawaya: mphamvu yotsala inali yosakwana ngakhale kutembenuza pampu. Ndinajambula mizere yonse, umodzi umodzi.

A Makwinja anafika n'kuima pambali panga. Anafunsa ngati ndi pampu yadwala. Ndinati pampu ili bwino. Anafunsa ngati ndi dzuwa lachuluka. Ndinati ayi. Ndinawalozera madontho aja, n'kuwafotokozera za mankhwala a mkati, za mpweya ndi chinyezi, ndi kuti zonse zalowera pa mabowo a singano. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga nkhani ya pa wailesi.

Anayendetsa chala pa msoko wawo, kuyambira pakona mpaka pakona.

"Ndiye ndikanaisiya m'mapesi muja?"

"Ikanakhala moyo, bambo."

"Oho."

Anatenga kheni n'kutsikira kuchitsime. Ine ndinalongedza mita m'chikwama, ndinavula nsapato, n'kutenga kheni yachiwiri. Tinathirira mpaka dzuwa kupendeka. Madzi a m'kheni amalowa m'nthaka n'kuzimiririka usanatembenuke. Sindinamve chisoni kapena mkwiyo. Ndimangomva chogwirira cha kheni chikudya m'manja. Mabedi a kumunsi tinawakwanitsa. A kumtunda tinangowaza, ndipo mbande zake zinali zitagona kale.

Chakumadzulo kapitawo anadutsa pa njinga. Sanatsike. Anaponda phazi limodzi pansi, n'kuyang'ana mabedi, kenako sola, kenako msana wa a Makwinja. Anati aonana pa kuwokera, n'kupalasa.

Pobwerera, ndili pa Kamwendo, foni inalira. Unali uthenga wa a Dokotala. Amathokoza chifukwa cha zithunzi zooneka bwino, ndipo amati pa masola onse atatu, iyi ndi imene yawaphunzitsa zambiri za mmene chinyezi chimayendera m'mankhwala. Amanena zoona. Ndinawerenga, ndinabweza foni m'thumba, n'kugula chinangwa chootcha.

Mawa lake ndinapita kwa Mavwere. Ndisanatulutse mita, ndinafunsa mayi amene akusunga sola kumeneko kuti mphepo ikaichotsa adzaimanga ndi chiyani. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka misomali ndi zitsekerero za mabotolo, zokhomera pulasitiki ya padenga. Anali atakonzeratu. Kwa Zulu yankho linali waya wotenthetsa pamoto. Palibe amene anati adzadikira a Magetsi.

Phunziro limene ndasunga ndi limenelo. Kuno chinthu chikamasuka, munthu amachimanga ndi chimene chili m'manja mwake, ndipo chikakhala cha eni ndiye amachimangitsa kwambiri. Kumuuza zoti asachite sikokwanira. Uyenera kumuonetsa poti singano ingadutse. Ndinawauza a Dokotala zimenezi, ndipo avomera kuti masola akubwerawo adzakhale ndi m'mphepete motakata, mopanda mankhwala, mokhala ndi mabowo okonzeratu.

Sola ya pa esiteti ndaichotsa, ndaipinda ndi ulusi wake womwe monga a Dokotala anandiuzira, ndipo galimoto ya ku yunivesite ibwera kudzaitenga sabata yamawa. A Makwinja anandithandiza kudula mfundo za pa chimango. Ndikamaliza kuzungulira malo enawo ndimadutsirako kukanyamula makheni angapo. Mabedi a kumunsi ali moyo, a kumtunda ambiri anapsa. Kapitawo wati mvula yowokera ikangogwa adzabwera kudzaona ngati mbande zotsalazo zingadzaze munda, ndipo za nyumba zidzadziwika tsiku lomwelo. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku malire.