Nthabwala imene idathamangitsa msuweni wanga

Inu owerenga, ine ndidathamangitsa munthu m'dziko lake ndi nthabwala chabe, ndipo munthuyo adali msuweni wanga weniweni, mwana wa amalume. Mlandu umenewu ndausenza zaka zambiri, lero ndati ndiutule kuti wina asadzachite zimene ndidachita ine.

Nthawiyo ndidali mphunzitsi wachinyamata pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Msakambewa. Tsiku lina masana kudabwera galimoto ya kanema. Abale, mudzi wonse udakhamukira kusukulu! Tidatseka mawindo ndi mabulangete, anthu n'kudzaza mpaka pakhomo. Kanemayo adali wa Chingerezi, koma mkulu woyendetsa makina ankamasulira, uku akuwonjezerapo zake.

Mu kanemamo mudali bwana wina wa sitolo, wamimba, wankhanza zedi, amene mtima wake unkakhala pansi akaona anzake akuvutika. Adanamiza kalaliki wake kuti apolisi akumufuna. Kalalikiyo adalumphira pawindo n'kugwera mu mgolo wa madzi, miyendo ili m'mwamba, bwana uja akuseka atagwira nthiti. Ife tidaseka mpaka misozi. Ine ndiye kanemayo adandilowa m'magazi. Ndidayamba kuyenda ngati bwana uja, kutukumula mimba, kuseka kaseko kake konyoza. Lero ndathira mchere mu tiyi wa mphunzitsi mnzanga, mawa ndabisa njinga ya ahedi kuseri kwa chimbudzi. Anthu akaseka, ine ndinkadziona kuti ndine katswiri.

Koma mtima unkalakalaka chachikulu chija, cha apolisi. Ndidasankha Yohane, msuweni wangayo, mlimi wa fodya ku Nachisaka. Mukudziwa inu kuti pachisuweni timanyozana, timalandana ngakhale nkhuku, popanda mlandu. Ndidati ameneyu sangakwiye. Ndinkadziwanso pomubaya. Masiku apitawo adali atadandaula mokweza pamsika, anyamata a chipani atamubweza pachipata chifukwa choiwala khadi la chipanicho. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumufikitsa munthu kundende ya ku Dzaleka.

Loweruka ndidapalasa njinga kukwera zitunda zonse zija, ndikuseka ndekha ngati wamisala. Ndidamupeza m'chigafa akusoka fodya. Ndidaumitsa nkhope monga ankachitira bwana uja.

"Msuweni, kusukulu kudabwera anthu awiri a magalasi akuda, pa galimoto. Amafunsa kuti kwanu n'kuti. Akuti ndi za kumsika zija."

Singano idagwa m'manja mwake. Adangofunsa kuti, "Wawauza?" Ndidati ayi, koma abweranso. M'mimba mwanga chiseko chinkachita kubwata. Ndidamusiya dala ndi mantha akewo. Mawa lake kutchalitchi kunkalengezedwa ukwati wake ndi mtsikana wina dzina lake Esinati, ndiye ndidakonza zoti tikatuluka ndimuulule pamaso pa anyamata, tiseke tonse bwinobwino.

Ukwati udalengezedwadi, koma Yohane padalibe. Adali atanyamula bulangete ndi chimanga chokazinga, n'kuuza amalume kuti boma likumusaka. Adalowera kumadzulo wapansi mpaka kudutsa malire a Zambia.

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni. Ndikadaulula tsiku lomwelo, amalume akadamulondola n'kumubweza asanafike patali. Koma ndidachita mantha. Kuseweretsa dzina la boma motero kukadanditengera ineyo ku Dzaleka, ntchito n'kutha. Ndidatseka pakamwa. Ndinkapita kukakhala ndi amalume pakhonde, n'kumapukusa nawo mutu ngati munthu wosadziwa kanthu. Fodya uja adaolera m'chigafa. Esinati adadikira zaka zitatu, kenako adakwatiwa ndi wina. Amalume adamwalira osamuonanso mwana wawo, ndipo ine ndidanyamula nawo bokosi.

Yohane adabwerera zipani zitachuluka, imvi zili mbuu. Asanapite n'komwe kumanda a bambo ake, adafikira kwa ine. Nditamuona pachipata ndidati lero zanga zada. Koma iye adandikumbatira akulira, n'kutulutsa jekete latsopano m'chikwama.

"Msuweni, pakadapanda iwe ndikadafera ku Dzaleka. Mwana wanga woyamba ndidamutcha dzina lako."

Ndidalandira jeketelo ndi manja awiri, n'kuthokoza. Mpaka lero sindidalivalepo, ndipo choonadi sindidamuuze.

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mumakonda makanema a anthu ankhanza oseketsa, sekani ndithu, ine ndidaseka kuposa nonsenu. Koma zisiyeni komweko. Mu kanema kalaliki amatuluka mu mgolo, amadzipukuta, anthu n'kubalalika kupita kwawo. Msuweni wanga adatulukamo tsitsi litayera, wopanda bambo, wopanda Esinati. Musaseweretse chinthu chimene mnzanu amachiopa kuchokera pansi pa mtima, ngakhale atakhala msuweni. Ndipo nthabwala ikalakwika, ululani tsiku lomwelo, chifukwa mawa pakamwa pamalemera kuposa lero.

Yohane akadali moyo ku Nachisaka, wakalamba ngati ine ndemwe. Ndikangoika cholemberachi pansi ndikukwera minibasi, jekete lija lili m'chikwama, ndikamuuze ndi pakamwa panga kuti anthu a magalasi akuda aja kudalibe.