Malipiro Anga Anawaika M'dengu la Ovutika

Chinali chaka cha 1971, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekeza darasa la seveni. Bambo anga, amene panthawiyo anali atamwalira kale, anachokera ku Likoma, choncho pakhomo pathu tinkalankhula Chinyanja, pomwe kusukulu ndi kumsika chinali Chiswahili. Zilankhulo zonse ziwiri ndinkazilemba popanda cholakwa. Ndicho chinandipezera ntchito.

Tchalitchi chake sindichitchula. Chili pafupi ndi Mbamba Bay, ndipo adzukulu a anthu amene ndikuwanenawa akupempherabe momwemo. Mzungu amene anali wansembe pamenepo anabwerera kwawo n'kusiya makina awiri m'kachipinda ka kuseri kwa guwa: taipi, ndi makina osindikizira opukusa ndi dzanja. Padre watsopano, munthu wakuda mnzathu, ankafuna timabuku ta nyimbo ndi mapemphero, chifukwa mabuku akale anali atatha ndi chiswe. Anandiitana Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, kuti ndiziwasindikiza timabukuto. Ndinafunsa za malipiro. Anandilozera kwa a Yakobo, msungichuma wa mpingo, amene tonse tinkangowatchula kuti a Mhazini. Iwo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Yamba, mwana wanga. Kamati ikakhala, tidzakuona."

Ndinayamba. Mphunzitsi wina wa ku Liuli anabwera kudzandionetsa kagwiritsidwe ntchito ka makinawo, zotsalazo ndinaphunzira ndekha.

Ntchitoyi imayenda chonchi. Umachotsa riboni pa taipi kuti zilembo zizimenya sitensulo mwachindunji. Sitensulo ndi pepala lopyapyala lopakidwa phula. Ukamenya mofewa, inki sidutsa. Ukamenya kwambiri, chilembo cha o chimaboola n'kusiya dontho lakuda pa tsamba lililonse. Ukalakwitsa umapakapo mankhwala ofiira onunkha, kuuzira mpaka aume, kenako kumenyanso. Phula limatseka zilembo, ndiye umazitsuka ndi mswachi woviika m'palafini. Tsamba likatha, umakoleka sitensulo pa mgolo wa makina, kufinyira inki, n'kuyamba kupukusa. Mapepala a kunyanja kuno amamwa chinyezi n'kumamatirana, choncho m'mawa ndinkawayanika padzuwa nditawatsinditsa miyala. Timabukuto ndinkatisoka ndi singano ndi ulusi wosokera ukonde. Inki inalowa m'zikhadabo zanga moti sopo analephera.

Sindinkagwira ntchitoyi chifukwa chosowa chochita. Ndinali ndi malo pa khoka la amalume anga, ndipo ndinawasiya. Ndinkafuna bwato langalanga. A Simoni, mmisiri wa ku Kihagara, anali kusema lina la mbawa, la shilingi mazana awiri ndi makumi asanu. Ndinawapatsa chikole cha makumi asanu, zonse zimene ndinasunga kuchokera ku nsomba. Anandiuza mosabisa kuti adzandidikira mpaka Pasaka. Ikadzadutsa, bwato adzagulitsa kwa wina, ndipo chikole sichibwerera.

Kamati inakhala kangapo. Nkhani yanga siinkafikidwa. Ndikafunsa, a Yakobo ankati mwezi wa mawa. Koma Lamlungu lililonse ankakhala pakhomo la tchalitchi n'kumagulitsa timabuku tanga senti makumi asanu kamodzi, ndalamazo n'kumaponya m'chitini cha mabisiketi. Ndinkamva kulira kwake ndili m'kati.

Pasaka itayandikira, tinamva kuti Askofu, mkulu wa ansembe onse a chigawo chathu, akubwera kudzaika manja pa ana. Padre anafuna timabuku tatsopano ta mwambo umenewo. Ndinataipa masitensulo onse, n'kuwapachika pa chingwe, ndipo ndinapita ku kamati kukanena kuti makina sindipukusa tisanagwirizane mtengo.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, masana. Ndinapempha senti khumi pa kabuku kalikonse, takale ndi tatsopano tomwe. Tonse tinali pafupifupi zikwi ziwiri, ndipo ndalamazo zikanakwanira bwato. Akuluakuluwo, ambiri a iwo asodzi, anaseka. Wina anati kukhala pampando, pamthunzi, n'kumagogoda ndi zala si ntchito. Ndinawakumbutsa kuti kalipentala amene anakonza mabenchi anamulipira tsiku lomwelo. A Yakobo anayankha kuti, "Kalipentala anatuluka thukuta, ndipo utuchi tinauona. Iwe watuluka chiyani?"

Wina, amene anali balozi, mtsogoleri wa nyumba khumi kwathu, anati dziko tsopano lili pa ujamaa, aliyense akugwira ntchito modzipereka, ndipo wofuna malipiro kwa anzake ndi kupe, nkhupakupa yoyamwa magazi. Ndinamuuza kuti kumsewu ndi kumunda wa ujamaa ndimapita limodzi naye, khasu paphewa, osafunsa senti. Koma msewu saugulitsa pakhomo la tchalitchi. Timabuku amagulitsa.

Padre ndi amene anatseka nkhani. "Pukusa makinawo, Petulo. Lamlungu ulandira pamaso pa mpingo wonse. Ndalonjeza ine." Ndinafunsa kuti zingati. Anati sindidzadandaula. Anali wansembe, ndipo ndinamukhulupirira.

Ndinapukusa mpaka phewa linatupa. Loweruka timabuku tonse tinali titasokedwa.

Lamlungulo tchalitchi chinadzaza. Ena anachokera ku Ngumbo pa mabwato. Askofu anakhala pa mpando wake kutsogolo, ndipo munthu aliyense anali ndi kabuku kanga m'manja. Zolengeza zitatha, a Yakobo anaimirira atanyamula dengu.

Dengu limenelo aliyense ankalidziwa. Silinali la chopereka. Linkatuluka pokhapokha nyumba ya munthu ikapsa, kapena mwamuna akamira panyanja n'kusiya mkazi ndi ana. Wovutikayo ankaima kutsogolo atalinyamula, kwaya ikuimba, anthu n'kumabwera pamzere kudzaponyamo chimene ali nacho.

A Yakobo analankhula m'Chiswahili, kenako anabwereza m'Chinyanja, kuti amayi anga amve bwino. "Mwana wathu Petulo anabwera kudzalirira mpingo. Pakhomo pawo pavuta. Tiyeni timuthandize."

Amayi anaweramitsa mutu. Chimwalirireni bambo, sanapemphepo mchere kwa munthu. Kwaya inayamba nyimbo, anthu anayamba kubwera: senti, chinangwa, usipa wouma. Ine sindinadzuke. A Yakobo anali kundikodola ndi chibwano kuti ndibwere ndidzalandire dengulo. Pamzerepo ndinaona amayi a Lukasi, amene amuna awo anamira chaka chathacho. Dengu lomwelo linali litatulukira iwo. Anali atanyamula mazira awiri m'nsonga ya chitenje.

Pamenepo ndinaimirira. Sindinakuwe, koma onse anamva.

"Mayi, bwererani nawo mazirawo, mukadyetse ana. Ine sindinapemphe. Ndinagwira ntchito, ndipo ndalama zake zili m'chitini cha a Mhazini."

Kwaya inaleka pakati pa ndime. Askofu anayang'ana Padre, Padre anayang'ana pansi. Ndinatuluka. Amayi ananditsatira.

Lolemba Padre ndi akuluakulu a kamati anandiitana. Anati ndanyozetsa mpingo pamaso pa mlendo, ndipo sindidzalandira mgonero mpaka nditapepesa poyera. Za m'dengu anali atazigulitsa kale pa mnada, malonda opikisana mitengo, panja pa tchalitchi, ndalamazo n'kulowa m'chitini chomwecho. Ndinawauza kuti ndidzapepesa tsiku limene adzandilipira. Padre anati iye analonjeza kuti ndilandira pamaso pa mpingo, ndipo lonjezolo analisunga, wokana ndine. Mpaka lero sindikudziwa ngati ankakhulupiriradi zimene ankanenazo. Ndinaika kiyi wa kachipinda patebulo. Sindinang'ambe sitensulo ngakhale imodzi. Makina ndinawasiya oyera, zilembo zotsuka.

Pasaka inadutsa. A Simoni anagulitsa bwato kwa wamalonda wina wa ku Mbamba Bay. Iwo sindinawakwiyire. Mtengo wawo ndi tsiku lawo anandiuza poyamba pomwe.

Pambuyo pake ndinapita ku Songea, kumene ndinagwira ntchito yosindikiza mpaka maso anafooka. Sindinakhudzenso pepala la munthu mtengo usanatchulidwe, pamaso pa anthu awiri, kaya mwini ntchito ndi wamalonda, kaya wavala kolala ya unsembe. Achinyamata amene lero mukujambula maukwati ndi kuika zokuzira mawu m'matchalitchi, mvetsani. Mukafuna kupereka ntchito yanu kwa Mulungu, perekani, koma munene nokha kuti mwapereka. Wina asakuperekereni. Akakuuzani kuti tidzakuona, funsani kuti zingati, ndipo akapanda kuyankha, musatsegule chikwama cha zida.

Zimene ndinataya ndi izi. Shilingi mazana awiri zimene ndinazigwirira ntchito. Chikole cha makumi asanu. Bwato la mbawa. Malo anga pa khoka la amalume, amene anapatsa mwana wa mlamu wawo. Zaka zisanu ndi chimodzi za mgonero, mpaka Padre uja atasamutsidwa. Ndi benchi lachiwiri la kumbali ya akazi, pamene amayi anga ankakhala chikwatiwire. Kuyambira Lamlungu limenelo anayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo anakhala pamenepo mpaka anamwalira.