Ulendo wa ku Mpepo ndi makapu awiri

Loweruka. Tinanyamuka ku Mbamba Bay, kuno ku Tanzania, sikisi koloko m'mawa, ine ndi amayi, kupita ku Mpepo. Kwa miyezi itatu m'mimba mwanga mwakhala mukupotokola m'mawa uliwonse wa sukulu. Kuchipatala anandiyeza kawiri, osapeza kanthu. Amayi anati zikapitirira ndisiye kaye sukulu, ndipo mawu amenewo ndi amene ndinkawaopa kuposa m'mimbamo.

Basi inakwera mapiri mokhosomola. Kondakitala anatilipiritsa mashilingi zikwi zisanu aliyense, n'kundikhazika pafupi ndi dengu la usipa. Mwini dengulo anandipatsa nthochi yowotcha.

"Mwanayu salankhula?" anafunsa m'Chiswahili.

"Amalankhula ndi kope lake," anatero amayi.

Cha m'ma 9 tinatsika pamphambano, n'kukwera pikipiki, njinga yamoto ija, kudutsa m'minda ya khofi. Dzina la Mpepo silinama: makutu anga anauma ndi kuzizira.

Bibi Ndunguru, agogo amene amachiza ndi zitsamba, tinawapeza akuyanika nyemba. Ndinagwada n'kunena shikamoo, moni wopereka kwa akulu. Anawerenga pepala la kuchipatala mofatsa, n'kunena kuti tilisunge, ndipo ndikadzasanza kapena kutentha thupi tithamangire komweko. Kenako anafunsa zimene sindinayembekezere: ndimagona bwanji, ndimadya chiyani ndisanapite kusukulu, m'mimba mumapweteka Lamlungu?

"Ayi, Bibi."

"Mimba yodziwa kalendala," anatero. "Mama Tadala, kandithyolereni mapeyala kuseriko."

Amayi atachoka anafunsa, "Pa buleki umadya ndi ndani?"

Ndinayang'ana zala zanga. Kenako ndinawauza. Titangobwera kuchokera ku Nkhotakota, ndinafuna kuuza aphunzitsi kuti mphepo yandilowa. M'malo mwa upepo ndinati pepo, lomwe m'Chiswahili ndi chiwanda. Kalasi yonse inagwa ndi phwete, ndipo mpaka lero amanditchula Pepo. Ndimadyera kuseri kwa thanki ya madzi, kapena osadya n'komwe.

Bibi sanaseke. "Onse anaseka?"

"Kupatula Rehema. Timakhala desiki imodzi."

Anandimangira jinja ndi mchaichai, udzu wonunkhira mandimu uja. Anati ndidye phala m'mawa uliwonse, ndipo tiyi wa zimenezi ndiziwiritsa wokwana makapu awiri.

"Kawiri pa tsiku?"

"Ayi. Kapu imodzi yako, ina ya mnzako. Mimba siikhala yokha m'thupi, iwenso usakhale wekha."

Pobwerera tinadya chinangwa chokazinga pamphambano paja. Njira yonse yotsetsereka ndinkabwereza chiganizo chimodzi chamumtima, kuopa kulakwitsanso.

Tinafika faifi koloko. Pasiteji Rehema anali kugulitsa mandazi a amayi ake. Miyendo inafuna kundidutsitsa, koma ndinaima. Ndinamuitana m'Chiswahili kuti mawa tikatuluka m'tchalitchi abwere kwathu kudzamwa tiyi.

Anandiyang'ana n'kufunsa, "Shuga alipo, Tadala?"

"Alipo."

"Ndibwera ndi mandazi otsala."

Sindikudziwa ngati m'mimba mukhala bata Lolemba. Koma ndaphunzira kuti wina akhoza kufunsa za mimba n'kupeza thanki ya madzi. Makapu awiri ndatsuka kale.