Tsiku Limene Tinabereka Buledi Kumsana

Anganga a Malita ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la masese owawasa losakanikirana ndi utsi wa bulugama wauwisi, limene linkatuluka pakhomo pawo m'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi mpaka munthu osaona nyumba yoyang'anana nayo. Sanali agogo anga a magazi, ayi. Tinkakhala moyandikana pa layini ya pa esiteti, nyumba yawo ndi yathu khoma limodzi, moti akatsokomola mbale zathu zinkagwedera. Koma layini yonse, ndi akapitawo omwe, inkawatchula kuti anganga. Anali aafupi, a miyendo yamatewe, ndudu ya chingambwe ili pakamwa moto uli mkati. Nanga mawu awo! Anthu amati ine ndimalankhula mokuwa. Ine ndine mwana. Anganga aja akamaitana nkhuku zawo, a ku fakitale ankayesa sayirini yalira.

Inu amene simunakhaleko ku tiyi simumudziwa Juni wa kuno ku Thyolo. Mumangoona zobiriwira pa windo la minibasi n'kumati kokongola. Nyengo yozizira tiyi amagona, saphukira. Otchola ambiri amauzidwa kuti adikire mvula, madengu amakolekedwa kudenga, ndipo anthu amene anazolowera kuthamangira ku sikelo amangokhala pakhonde atafunda matumba, n'kumayang'ana kamvula kosatha kaja kamene sikanyowetsa munda koma kamalowa m'mafupa. Ana tinkayenda ndi mamina, zala zitauma. Amuna ankalowera ku kachasu. Azimayi ankayambana pa mpopi chifukwa cha zinthu zopanda pake.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditafika msinkhu wosenza mtolo wa nkhuni ndekha. Mlongo wanga wakhanda, Rozina, anadwala chifuwa kuzizira kutangoyamba, ndipo sanachedwe. Titabwerako kumanda amayi anagona pamphasa, nkhope kukhoma, osadzukanso. Sankalira. Bola akanalira. Phala tikawapatsa linkazizira pomwepo mpaka kuchita khambi pamwamba. Abambo anali m'gulu la odulira tiyi, ntchito yokhayo imene imatsala nyengo imeneyo. Ankabwera manja ali mabala okhaokha, n'kukhala pambali pa mphasa, n'kunena kuti, "Amake Layisoni, tadyaniko pang'ono." Basi, mawu awo onse ankathera pomwepo. Amayi a mpingo anabwera, anaimba, anapita. Mikono ya amayi inafika pofanana ndi yanga. Tsiku lina ndinamva azimayi pa mpopi akunong'onezana kuti khomo lathu lionanso maliro kusanatenthe. Ndinasiya ndowa pomwepo n'kuthamangira kwa anganga.

"Anganga, akuti amayi afa."

"Akutero ndani?"

"A pa mpopi."

"A pa mpopi ndi Mulungu? Pukuta mamina." Anakoka ndudu, maso ali pa nkhuku zawo. "Mawa undigwirire tambala uyo ndi thadzi lakudalo."

Nkhuku zija tinapita nazo ku Boma, ndipo tinabwerako ndi thumba la ufa wa tirigu ndi kashuga. Anganga ali mtsikana anagwirapo ntchito yochapa kunyumba kwa bwana wa esiteti, ndiye maso awo anaba zonse zimene khukhi ankachita kukhitchini. Madzulo anayenda khomo ndi khomo. Sankapempha anganga aja, ankalamula. Uyu abweretse nthochi zakupsa kwambiri, uyu zitini, uyu mchere.

"Loweruka tonse tikupita kwa Nchilamwela," anatero. "Mlongo wanga Zuze wawotcha njerwa, uvuni ukadali wotentha. Tikaphika buledi."

"Buledi mu uvuni wa njerwa? Anganga, mwayamba kumwa masese anu omwe?" Awa anali amake Joni, mayi wa pakamwa kuposa onse pa layini yathu.

"Iwe tsala. Uziwerenga madontho a mvula. Tidzakuuza kukoma kwake."

Loweruka, woyamba kufika anali amake Joni.

Tsono vuto la buledi nyengo yozizira ndi ili: mtanda sutupa. Ukande bwanji, uthiremo thovu la masese lochuluka bwanji, ukauika pansi umangoti gwa ngati dothi. Khukhi wa bwana ankauika pambali pa sitovu. Ife sitovu tikanaitenga kuti? Ndiye anganga atakanda ufa uja pamodzi ndi nthochi ndi thovu, anaudula mitandamitanda, uliwonse n'kuukulunga m'masamba a nthochi owaula pamoto, n'kulamula kuti mayi aliyense abereke wake kumsana ndi chitenje, pakhungu penipeni, kuti kutentha kwa munthu kuudzutse tili m'njira. Azimayi anaseka mpaka kugwirana. Ife ana anatipatsa timitanda toika m'malaya, pamimba.

Unatsala mtanda umodzi, waukulu kuposa yonse. Anganga anaunyamula n'kulowa nawo m'nyumba mwathu osaodira, ine pambuyo.

"Amake Layisoni, dzukani. Msana wanga unatha, katunduyu sindingamuthe."

Amayi anangodzipinda pamphasa paja, nkhope ikadali kukhoma.

"Sindikuti mudye. Sindikuti museke. Ndikufuna msana basi. Anzanu onse abereka kale."

Amayi anatembenuka, n'kuyang'ana mtolo uja nthawi yaitali. Anganga sanadikire yankho. Anawakhazika tsonga, anawaika mtanda uja pamsana, n'kusolola chitenje chimene chinali pachingwe. Ine ndinachizindikira pomwepo: chinali chitenje chomwe ankaberekera Rozina, ndipo chichitikire maliro palibe anali atachikhudza. Koma manja a amayi anachita okha. Anakoka nsonga, anamanga pachifuwa, anadzigwedeza pang'ono kuti katundu akhale bwino, monga amachitira mayi aliyense. Kenaka anaimirira atagwira khoma.

Eee, ulendo umenewo! Mzere wa azimayi ndi ana kudutsa m'minda ya tiyi wodulidwa, mame akutiluma mapazi, zitini zikulira m'madengu otcholera aja amene tinawatsitsa kudenga. Odulira anaimika zikwanje n'kumationerera. Wina anakuwa kuti, "Ana onsewo mwabereka tsiku limodzi?" Amake Joni anamubwezera, "Bambo wake ndi inu, bwerani mudzawatche maina!" Ine ndinayang'ana amayi. Sanaseke, koma sanaime. Abambo anali pomwepo pakati pa odulira aja. Ataona amayi ali pamzere anangovula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa mpaka tinadutsa.

Tinkapuma pafupipafupi. Anganga akaona kuti amayi ayamba kupepesuka ankadzigwetsa pansi n'kuyamba kutukwana mawondo awo m'Chilomwe, kuti anthu aziti tapumira iwo. Dzuwa litayamba kuboola nkhungu ndinamva kanthu kakukankha malaya anga. Mtanda ukutupa! Ndinakuwa mpaka mbalame kubalalika, ndipo mayi aliyense anayamba kudzigwira kumsana n'kumanyadira wake.

Kwa Nchilamwela tinapeza a Zuze akuzungulira uvuni wawo ngati tambala pakhola. Unali uvuni wamtali ngati nyumba, womatidwa matope, makomo ake onse otseka ndi njerwa, ukupuma mpweya wotentha moti udzu wozungulira unali utafota. Anganga sanawatumizire mawu kuti tikubwera.

"Achemwali, chigulu chimenechi n'cha maliro kapena cha ukwati?"

"Tsegula khomo limodzi, Zuze."

"Nditsegule? Mphepo ikalowa njerwa zisweka! Nyumba ya mwana wanga imeneyi!"

"Njerwa zako zinapsa kale. Iweyo ndinkakusambitsa ine pamphepo yomweyi. Unasweka?"

A Zuze anadandaula, anaitana Mulungu, anatsegula.

Apa ndiye zinatilaka. Anganga ankadziwa uvuni wa kwa bwana, azimayi ankadziwa moto wa pamafuwa, koma moto wowotcha dothi mpaka kusanduka mwala panalibe ankaudziwa. Tinaika mitanda m'zitini, ine n'kumazikankha ndi nsungwi yaitali, anganga akukuwa kuti, "Mkati! Mkati mwenimweni!" Tinatseka ndi lata n'kuyamba nyimbo. Nyimboyo sitinaimalize, utsi wakuda uwo. Pokoka zitini zija munali makala. Makala enieni, oti n'kusitira malaya.

Nkhuku za anganga, nthochi za layini yonse, mtunda wonse uja, zonse makala. Ana ang'onoang'ono anayamba kulira njala. A Zuze anaseka mpaka kukhala pansi. Amake Joni anatsegula pakamwa, anganga anawayang'ana, anatseka. Ndudu ya anganga inali itazima.

Amene anaona ndine. Amayi anali ataima patali, pansi pa mtengo wa mapeyala, chitenje chikadali chomanga. Pamene anzawo ankamasula iwo sanamasule, ndipo m'chipwirikiti muja palibe anawakumbukira. Ankadzigwedeza pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili kumbuyo likusisita mtolo uja, umene unali utatupa mpaka masamba kung'ambika.

"Wa amayi ulipo!" ndinakuwa. "Wa amayi sunapse!"

Onse anatembenuka. Amayi anabwerera m'mbuyo, manja onse awiri ali pa mfundo ya pachifuwa. Anganga anakweza dzanja kuti pasapezeke woyandikira. Anapita okha, mwakachetechete, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akulankhula motsitsa mawu.

"Mwaufunditsa bwino, mwana wanga. Onani mmene wakulira. Ndi wanu, palibe akulandani. Mukafuna tibwerera nawo choncho." Analoza kumene tinaima ife. "Koma ana awa sanadye."

Amayi anayang'ana ana aja. Anayang'ana ine. Ndiye analira. Kulira kumene sanalire kumanda kunatulukira pamenepo, mofuula, mpaka agalu a m'mudzi kuuwa, ndipo azimayi onse anawazungulira n'kulira nawo, ndi amake Joni omwe. A Zuze anazembera m'nthochi. Atatha, amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje n'kumasula mfundo ija okha.

"Musauike mkati," anatero mawu atasasa. "Pakhomo pomwepa. Layisoni, pala zitinizo ubwere nazo kuno."

Anaudula okha timitanda tokwanira aliyense. Anaponya tsamba la nthochi pakhomo pa uvuni, ataona kuti langofota osayaka anandiuza pondalekezera nsungwi. Tinadikira, palibe woimba. Kenaka fungo. Abale anga, ine ndadya buledi wa ku Limbe, ndadya wa m'mapepala wa masiku anoyu wofewa ngati thonje. Palibe. Anatuluka wofiirira, wong'aluka pamwamba, nthunzi ili tolotolo, kunsi kwake kuli kaphulusa. A Zuze anatulukira ndi ndowa ya tiyi popanda wowatuma, akunena kuti kuyambira pachiyambi iwo ankadziwa kuti zitheka.

Anganga ananyema chidutswa, anangochiika pabondo pa amayi n'kuyang'ana kumbali. Tonse tinkayang'ana kumbali, koma tonse tinkaona. Amayi anachitola. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mchere wachepa," anatero.

"Wachepa?" Anganga anadzambatuka, mawu awo onse atabwerera. "Tamverani! Munthu kugona mwezi wathunthu, kudzuka n'kudzanyoza mchere wanga!"

Amayi anaseka. Kanali kaseko kakang'ono kokhala ngati chifuwa, koma anaseka ndithu, n'kutambasula dzanja kufuna chidutswa china.

Pobwerera tinaimba njira yonse. Chiperoni chinabweranso, nkhungu inatsika, koma palibe anaimva. Abambo anatichingamira pa mphambano, chikwanje chikadali m'manja. Amayi anatulutsa buledi amene anabisa m'chitenje n'kuwapatsira. "Idyani, bambo ake Layisoni, mwaonda." Abambo anadya ataimirira pamsewu pomwepo, misozi ikutsikira m'ndevu, osachita manyazi ndi gulu lonse lija. M'mawa mwake chinandidzutsa ndi tsache likusesa pabwalo pathu.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka tsitsi lonse kuyera, anaberekanso, anaona ndi zidzukulu. Njerwa za a Zuze sizinasweke, ngakhale kuti mpaka imfa yawo ankaloza mng'alu uliwonse wa pakhoma n'kumati ndi wa achemwali. Anganga anamwalira ine nditakwatira kale, ndipo manda awo ndinakumba nawo ndi manja angawa.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo mawu opepesera munthu wosweka mtima sindiwadziwa, ndikayesa, ndimangomukalipira. Koma chaka chilichonse tiyi akagona ndimafunsafunsa kuti wawotcha njerwa ndani, ndimagula ufa, kenaka ndimayenda m'mudzi kuyang'ana khomo limene lakhala nthawi lili chitsekere. Chaka chatha linali la Bizaliyele, mnzanga amene tinkayendetsa naye mathirakitala, akazi ake atamwalira. Anandipirikitsa ndi ndodo. Ndinabwereranso. Mapeto ake bambo wamkulu wa imvi anabereka mtanda kumsana mudzi wonse ukuona, akunditukwana njira yonse, ndipo pano ndi iyeyo amene amandifunsa kuti chaka chino tilowera kuti. Ndiye mukadzamva munthu akukuwa pakhomo panu mwezi wa Juni, nkhungu ili mbuu, musadzathamangire kupolisi. Ndine. Tengani chitenje mutuluke.